Ma hard drive awili m'kompyuta imodzi: nkhani ili pa kaikidwe

Mu Kabwe muli malonda ambili amene cuma cake conse cili m'bokosi lakuda lokhala pansi pa tebulo, lija tinazolowela kulichula kuti CPU. Yendani m'tauni kufupi na mtengo waukulu wa mukuyu, kapena mulowe m'misika ya ku Bwacha, Katondo, Chowa na Makululu. Mudzapeza kashopu kotaipa na kupulinta, kasitudiyo kojambula mapikica a pasipoti, mnyamata woika nyimbo na mafilimu pa memory card, na wina wojambula mavidiyo a maukwati, ma kitchen party na chilanga mulilo. Onsewa katundu wawo saoneka na maso. Amakhala m'kacitsulo kocepa kuposa njelwa, kochedwa hard drive.

Mayi wogulitsa tomato akataya dengu limodzi, mawa alawila kukaoda lina. Koma wa mavidiyo akataya ukwati wa eni ake, sangapite kwa akwati kukawauza kuti valaninso zovala zija tibwelele ku chalichi. Ndalama analandila kale, nyama inadyedwa, alendo a ku Ndola na ku Chipata anabwelela kwawo. Cotsala ni manyazi na kubweza ndalama.

Makompyuta ambili a m'mashopu athu ni a salaula, ma HP, ma Dell na ma Lenovo amene anasewenza kale m'maofesi a kunja. Kawilikawili amabwela na hard drive ya 250GB kapena 500GB. Kwa munthu wotaipila ma assignment ophunzila a pa Kwame Nkrumah University kapena Mulungushi University, malo amenewo angamukwanile zaka. Koma wa mavidiyo, maukwati ocepa cabe, kamzele ka pa C: kafiila. Apa m'pamene mumamva mawu aja odziwika: "Ba boss, space yasila, tiyeni tiikemo hard drive ina." Malangizo amenewa ni abwino, ndipo desktop imapambanila laptop pamenepa, cifukwa mkati mwake muli malo. Vuto ni lakuti ambili amaika yaciwili poganiza kuti agula citetezo, pamene agula malo cabe.

C: na D: zisakunamizeni

Technician akamaika Windows, nthawi zambili amagawa hard drive pawili, n'kukuuzani kuti mafayilo anu muzisunga ku D: kuti tsiku lofomata C: asadzatayike. Pamenepo sananame. Koma mwini shopu amacoka akukhulupilila kuti manje ali na ma hard drive awili. Iyayi mwandi. Ni nyumba imodzi imene aikamo cipupa pakati. Mtenje ukagwa, ugwela zipinda zonse ziwili. Hard drive ikafa, C: na D: zimapita tsiku limodzi.

Kudziwa zoona n'kosavuta. Dinizani batani la kumanja la mouse pa Start, musankhe Disk Management. Cakumunsi mudzaona mizele yolembedwa Disk 0, Disk 1, conco-conco. Mzele uliwonse ni hard drive yeniyeni imene mungaigwile na manja. Ngati C: na D: zonse zili pa mzele wa Disk 0, dziwani kuti muli na imodzi. Ofuna kudziwa cifukwa cake zilembo zimayambila pa C, ni cakuti A na B zinali za ma floppy disk, tumadisiki tuja tumene ana a masiku ano sanatuonepo.

Musanagule, tsegulani bokosi

Anthu amathamangila kugula, pofika ku shopu n'kupeza kuti palibe poika. Yambani mwayang'ana mkati. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi ku khoma, dinizani batani loyatsila kwa masekondi ocepa kuti magetsi otsalila athe. Ndiyeno gwilani citsulo ca bokosi musanakhudze ciliconse. Magetsi aja amene amathetheka mukavula juzi m'nyengo yozizila ni okwanila kuwononga tuzipangizo twa mkati.

Mufunika kupeza malo omangapo hard drive, kadoko ka SATA kopanda nthambo pa motherboard, na pulagi ya magetsi yotsala yocokela ku power supply. Nthambo ya SATA ni yopyapyala, ili na tumano 7. Pulagi ya magetsi ni yotambalala, ili na tumano 15. Zonse ziwili kukamwa kwake kuli monga cilembo L, conco zimalowa mbali imodzi cabe. Ikakana, musakakamize, mwaitembenuza.

Mabokosi aakulu oimilila savuta. Ovuta ni aja afupi-afupi a m'maofesi, amene ambili a ife tili nawo. Ena ali na malo a hard drive imodzi na DVD basi, ndipo power supply yawo ni yaing'ono, yopangidwila zimene kampani inaikamo. Pa makina otele njila yacidule ni kuzula nthambo za DVD n'kuzipatsa hard drive yatsopano. Kaili ndani akali kuwocha ma CD masiku ano? Palinso kamsampha pa ma motherboard ena atsopano: mukaika SSD ya mtundu wa M.2, kadoko kamodzi kapena tuwili twa SATA tumaleka kusewenza. Munthu amavutika tsiku lonse poganiza kuti anamugulitsa hard drive yakufa, pamene akanangosamutsila nthambo pa kadoko kena.

Ngati pulagi ya magetsi palibe, ogulitsa amakupatsani ka adapter kocokela ku pulagi yakale ya mabowo anayi, yochedwa Molex. Tuma adapter tochipa twa mtundu umenewu tumadziwika na kusungunuka na kupsa. Ine niona kuti kuika cuma ca shopu yonse pa kanthambo kotele n'kuseweletsa moto. Funani kabwino, kapena sinthani power supply.

Cinanso cimene cimanidabwitsa m'mashopu ni kuona hard drive ikulendewela pa nthambo, kapena yomangidwa na selotepu, bokosi lili cotsegula. Mkati mwa hard drive muli tumbale tumene tumazungulila ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi. Ka 7,200 pa mphindi ni ka 120 pa sekondi iliyonse. Pamwamba pa tumbaleto pamayandama kamutu kowelenga na kulemba, pa mpata waung'ono kwambili moti tsitsi la munthu likhoza kuoneka monga cipika. Mwana akakankha tebulo, kapena kasitomala akamenya bokosi na phazi, kamutu kangakande mbale, mafayilo a pamenepo n'kupita. Masikuluu anayi cabe athetsa nkhani. SSD ilibe zozungulila, conco iyo siidandaula kwambili na kugwedezeka.

Amene ali na makina akale kwambili, a nthambo yotambalala monga lamba ya tumano 40, yochedwa IDE, akumbuka mavuto a ka jumper kosankha kuti iyi ni master, iyi ni slave. SATA itabwela ca m'ma 2003 zonsezo zinatha. Hard drive iliyonse ili na nthambo yake-yake.

Mwayatsa, koma siioneka

Apa ndiye ambili amataya mtima. Mwamanga bwino-bwino, mwayatsa, mwatsegula This PC, koma palibe catsopano. Musabwelele kwa wogulitsa na ukali. Hard drive yatsopano siionekela yokha. Pitaninso ku Disk Management, ndipo Windows idzakufunsani kuti muiyambitse na MBR kapena GPT. MBR ni kacitidwe kakale, ndipo sikaona malo opitilila 2TB. Mukagula ya 4TB n'kusankha MBR, pafupifupi hafu ya ndalama zanu idzakhala cogona. Sankhani GPT. Pambuyo pake pangani New Simple Volume, muipatse cilembo, muifomate na NTFS. Musasankhe FAT32, cifukwa iyo siilandila fayilo imodzi yoposa 4GB, ndipo vidiyo ya ukwati imapitilila pamenepo mkwati asanalowe n'komwe mu holo.

Mukaona kuti ya 1TB ionetsa 931GB, palibe wakubelani. Makampani amawelenga na ma 1,000, Windows imawelenga na ma 1,024. Ni katundu mmodzimodzi pa masikelo awili osiyana.

Pofomata m'pamene pali ngozi yaikulu kuposa zonse. Ma hard drive awili a saizi imodzi amaoneka monga amapasa, ndipo kudiniza kumodzi pa wolakwika kumafafaniza nchito ya zaka. Yang'anani kawili. Mukatsiliza, apatseni maina omveka, monga NCHITO na KOPE, ndipo mulembenso na maka pa citsulo ceniceni, kuti wina akadzatsegula bokosi asadzalote.

Ngati hard drive imene mwaonjezela inali na Windows yake, kompyuta ingayambe kuyakila kumeneko, inu n'kudabwa kuona desktop ya munthu wina. Lowani mu BIOS poyatsa, pa ma HP ambili ni F10, pa ma Dell ni F2, n'kuika hard drive yanu yakale patsogolo pa mndandanda wa boot.

Ndipo tsiku limene mudzaikenso Windows, uzani technician kuti azule nthambo za ma hard drive ena onse, patsale imodzi yokha yolandila Windows. Ubwino wake uli pawili. Sangafomate yolakwika, komanso Windows ili na khalidwe loika tumafayilo twake toyatsila pa hard drive ina ikaipeza. Zikatelo zonse zimayenda bwino mpaka tsiku limene mudzacotse yaciwili ija, kompyuta n'kukana kuyaka. Nkhani imeneyi ni yofunika manje, popeza Microsoft inaleka kusamalila Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makina ambili m'tauni akuikidwanso Windows.

Kagawidwe kamene ine nimalimbikitsa kwa amene thumba lilola ni aka: SSD yaing'ono ikhale ya Windows na mapulogilamu, hard drive yaikulu ikhale ya mafayilo. Kompyuta yakale imene inali kutenga mphindi zingapo kuti iyake imadzuka monga mwana. Koma onani bwino: apa fayilo iliyonse ikali pa malo amodzi. Mwapeza liwilo na malo. Kope mukalibe.

Za salaula zili na zaka zake

Makampani opanga ma hard drive ozungulila anatsala atatu cabe pa dziko lonse: Seagate, Western Digital na Toshiba. Conco dzina la pa cikuto silikuuzani zambili. Cofunika ni msinkhu na thanzi. Hard drive iliyonse imasunga mbili yake mkati, ndipo pulogilamu yaulele yochedwa CrystalDiskInfo imaiwelenga. Imaonetsa maola amene hard drive yakhala ikusewenza, na mawu akuti Good, Caution kapena Bad. Caka cimodzi cili na maola 8,760. Mukaona maola 35,000, ndiye kuti yazungulila zaka zinayi usana na usiku, mwina mu ofesi kapena m'makina a CCTV, ngakhale wogulitsa alumbile kuti yangocoka m'katoni.

Pemphani kuti aiyese muli pomwepo. Wogulitsa woona mtima sakana. Ikaonetsa Caution ya cikasu, isiyeni, olo mtengo ukhale wokoma bwanji. Ndipo hard drive ikayamba kulila kuti kete-kete mkati, musaiyatse-yatse poyesa mwayi. Koponi zofunika kwambili coyamba, mafilimu a ku Nigeria pambuyo.

Malaiti

Tauni yathu ili na mbili yakale ya magetsi. Damu la Mulungushi linatsegulidwa mu 1925 kuti lipatse mphamvu mgodi wa Broken Hill, pamene matauni ambili m'dziko lino anali kuunikila na nyali. Koma mbili siiyatsa kompyuta. Tonse tikumbuka 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February caka cimeneco kuti cilalaco ni tsoka la dziko, ndipo pofika September makomboni ambili anali kuona malaiti a ZESCO maola atatu cabe pa tsiku.

Malaiti akazima pamene kompyuta ikulemba, fayilo imene inali pa njila imaonongeka, nthawi zina na mndandanda wonse wa mafayilo. Akabwela na mphamvu, kapena mphezi ikagwa kufupi m'nyengo ya mvula, power supply ingapse n'kutenga zonse zimene imadyetsa. Apa m'pamene pali nkhani yonse: ma hard drive awili a m'bokosi limodzi amadya m'mbale imodzi. Cimene capha uyu cingaphenso uyo. Jeneleta yaing'ono imene magetsi ake amakwela-tsika nayonso si bwenzi lawo. UPS, olo yaing'ono, imakupatsani mphindi zocepa zosungila nchito na kuzimitsa mwaulemu. Niona kuti munthu amene ali na ndalama ya cinthu cimodzi cabe, pakati pa hard drive yacitatu na UPS, ayambe wagula UPS.

Kawalala nayenso sasankha. Akathyola shopu usiku sakhala pansi kumasula masikuluu. Amanyamula bokosi lonse.

Nanga RAID?

Anyamata ophunzila makompyuta adzakuuzani za RAID. Mtundu wochedwa RAID 1 umalemba zonse pa ma hard drive awili nthawi imodzi, moti imodzi ikafa nchito ipitiliza. Windows ili na njila yofanana nayo yochedwa Storage Spaces. Ni nzelu yabwino, koma imateteza ku cinthu cimodzi cabe, kufa kwa hard drive. Mukafafaniza foda mwangozi, yafafanizika konse kuwili. Virus ikalowa, yalowa konse kuwili. RAID 0 ndiye musaiyandikile n'komwe: imadula fayilo iliyonse n'kumwaza zidutswa pa ma hard drive onse kuti liwilo likwele, ndipo imodzi ikafa zonse zapita.

Za ma virus sitingazipeputse m'mashopu mmene ma flash a anthu osiyana-siyana amalowa kuyambila m'mawa mpaka madzulo. Ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut tinaizolowela. Yoopsa ni ya mtundu wa ransomware, monga yochedwa STOP kapena Djvu, imene imabwela kawilikawili na mapulogilamu a crack otengedwa pa intaneti. Imakhoma mafayilo pa hard drive iliyonse imene yalumikizidwa nthawi imeneyo, n'kusiya kakalata kofuna ndalama. Yopulumuka ni ija imene inali mu dilowa, yosalumikizidwa.

Conco kwa shopu yaing'ono ine sinilimbikitsa RAID. Yaciwili ya mkati ikhale yolandila kope la nchito ya tsiku limenelo musanatseke. Ndiyeno pakhale ina ya kunja, ya USB, imene mumalumikiza kamodzi pa wiki, kukopa, kuzula, n'kupita nayo kunyumba. Akatswili amachula lamulo limeneli kuti 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwili, limodzi likhale kutali. Hard drive yakale imene munacotsa m'kompyuta ina ingagwile nchito imeneyi mukaigulila kabokosi ka USB, malinga ili na thanzi. Za pa intaneti zimathandiza pa makalata na mapikica, popeza Google imapatsa 15GB yaulele, koma mavidiyo angakudyeleni ma bundle a mwezi wonse pa usiku umodzi. Ndipo kamodzi-kamodzi tsegulani fayilo ya pa kope muone ngati itseguka. Ambili amadziwa kuti kope linali lopanda kanthu pa tsiku la malilo.

Fumbi la kwathu

Ma hard drive awili amatentha kuposa imodzi, makamaka mu October. Ngati malo alipo, siyani mpata pakati pawo, ndipo onani kuti fani izungulila. Bokosi lisakhale pansi pa simenti pamene tsache limapita m'mawa uliwonse. Likwezeni pa kathebulo.

Popukuta fumbi, ise a mu Kabwe tifunika kusamala kuposa anzathu a matauni ena. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'dothi la makomboni ozungulila, monga Kasanda, Chowa na Makululu, ndipo umavulaza kwambili ana. Fumbi limene fani yakhala ikukoka kwa caka ni la pabwalo pomwepo. Musalipuzile na pakamwa, ndipo musalipuzile m'shopu kapena m'nyumba. Tulutsani bokosi panja, kutali na ana na zakudya, valani cotseka pamphuno, mukatsiliza musambe m'manja.

Vinthu va bene

Pali cinthu cina cimene eni ma business centre saganizila. M'ma hard drive awo muli ma NRC a anthu amene anabwela kudzasikana, ma CV okhala na manambala a foni, ma payslip, makalata a ku cipatala, mapikica a ana a eni ake. Mukaonjezela hard drive na kukopa, zonsezi mwazicukitsa. Dziko lathu lili na lamulo la Data Protection Act la 2021, limene limafuna kuti wosunga nkhani za anthu azisamale. Kope lopita nalo kunyumba lisakhale loseweletsa ana poonela makatuni, ndipo zimene kasitomala anatenga kale, zopanda cifukwa cosungila, zifafanizeni.

Nkhani imakula pogulitsa kapena kupatsa m'bululu hard drive yakale. Kufafaniza mafayilo, ngakhale kucita Quick Format, kuli monga kung'amba tsamba la mitu ya nkhani m'buku: masamba onse akali momwemo, ndipo mapulogilamu obweza mafayilo ali mbwee pa intaneti. Ogula za salaula ambili apezamo mapikica na makalata a anthu osawadziwa. Pofomata, cotsani kacizindikilo pa Quick Format. Kuyambila pa Windows Vista kubwela kuno, kufomata kwathunthu kumalemba ma zilo pa malo onse a gawo limene mwasankha, conco citani zimenezi pa gawo lililonse, C: na D: yomwe. Pa hard drive ya 1TB zimatenga maola angapo, ndiye yambani mwaona ndandanda ya malaiti ya kwanuko musanadinize OK. Ngati hard drive inafa moti siingafomatike, musaiponye ku zinyalala yamphumphu. Masulani cikuto, tulutsani tumbale, mutuboole na msomali.